Kodi Mphamvu ya Mkono Icokera Kuti?



Madzulo ano ndifuna kuti tipite limodzi ku msika wa Lundazi, kum'mawa kwa dziko lathu, pafupi ndi malire a Malawi. Amene munafikako m'nyengo ya masika mudziwa m'mene pamakhalira. Ngolo za ng'ombe zilowa zitasenza cimanga, njinga zifika zitamangiriridwa matumba a nshawa, ndipo Citumbuka ndi Cicewa zimveka pamodzi pokambirana mitengo. Tiime pambali pang'ono, tiyang'ane mnyamata uyo alikukweza thumba la makilogramu 50 pa lole. Awerama, agwira makutu a thumba, akoka mpweya, ndipo thumba liri kale pa phewa. Pamene apinda mkono, katumba atumphuka ngati mbewa yalowa pansi pa khungu. Pamene auongola, mbewa ija yathawa. Aroma akale anaona comweco, nacha mnofu dzina lakuti kambewa, ndipo mau a Cingerezi onena mnofu anacokera pamenepo.

Mukafunsa anthu a pamsikapo cimene cakweza thumbalo, wina adzati ndi mphamvu, wina adzati ndi nsima ya m'mawa, winanso adzati magazi athamangira m'mkono. Onsewo sananame, koma funso likali pomwepo. Nsima isanduka bwanji cikoka?

Poyamba tigwirizane pa cinthu cimodzi cimene ambiri sacilingalira: mnofu ndiwo nyama. Nyama yofiira imene mugula kwa ophera mbuzi ndiyo inali kuyendetsa mbuziyo ikali moyo. Munthu ali nayo minofu yoposa 600, ndipo pa mwamuna wamkulu wosanenepa minofu ilemera pafupi magawo 4 mwa magawo 10 a thupi lonse. Mnofu uli wonse udziwa nchito imodzi yokha, ndiyo kukoka. Kukankha sudziwa. Umangiriridwa ku mafupa ndi mitsempha yoyera ija imene ikana kutafunika m'ndiwo. Wa kutsogolo kwa mkono ukakoka, cigongono cipindika; wa kumbuyo ukakoka, mkono uongoka, ndipo ndiko kumene ife titi kukankha. Katumba naye sakula konse pa nthawi yonyamula. Nyama yake ndi yomweyo, koma yafupika ndi kusonkhana pamodzi.

Tsono tengani kanthuli ka nyama yophika bwino, mukang'ambe ndi zala. Muona kuti kagawika m'tizingwe. Kacingwe kocepetsa kamene maso anu atha kuona kakali mtolo, pakuti m'kati mwake muli ulusi woonda ngati tsitsi, kapena kuposa apo. Ulusi umodzi wotere ndiwo selo limodzi la mnofu, ndipo m'kati mwake muli tiulusi tina mazana-mazana togona motsatana. Pouika pansi pa galasi lokuza zinthu, ulusiwo uoneka wa mizere yoda ndi yoyera, monga mbidzi za m'cigwa ca Luangwa.

Mizereyi ndiyo inaulula cinsinsi. Kaulusi kali konse kagawika m'tizipinda tolumikizana, monga nzimbe igawika m'mfundo zake. Tizipindato ticepa kotero kuti 400 tikwana m'milimita imodzi. M'kacipinda kali konse muli zingwe za mitundu iwiri. Zonenepa zikhala pakati, ndipo zipangidwa ndi puloteni yochedwa myosin. Zoonda zimera pa zipupa ziwiri za kacipindako ndi kuloza pakati, zitalowa m'mipata ya zonenepa. Izi ndi za puloteni yochedwa actin. Pamene pali zingwe zonenepa ndipo paoneka mzere woda.

Wilhelm Kühne wa ku Germany ndiye anapatsa myosin dzina lake m'caka ca 1864. Actin inadziwika mocedwa, mu 1942, m'kati mwa nkhondo yaikuru, pamene Brunó Straub anailekanitsa m'nyumba yoyeseramo zinthu ya Albert Szent-Györgyi ku Szeged m'dziko la Hungary. Szent-Györgyi anapota ulusi wa zinthu ziwirizi, nauthira mankhwala a m'thupi amene tidzachula posacedwa, ndipo ulusi wopanda moyo uja unakhwinyata iye akupenya. Pamenepo ophunzira ambiri anakhulupira kuti zingwe za m'mnofu zifota zokha, monga cikopa caciwisi cifota pa dzuwa. Maganizo amenewa anali omveka, koma anali olakwa.

Mu May 1954 magazini ya Nature inasindikiza nkhani ziwiri tsiku limodzi. Ina inacokera kwa Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke a ku Cambridge, amene anayesa minofu ya cule. Inayo kwa Hugh Huxley ndi mai Jean Hanson, amene anali kugwira nchito ku America pa minofu ya kalulu. A Huxley awiriwa sanali pacibale, linangofanana dzina. Onse anaona cinthu cimodzi: mnofu ukafupika, mzere woda sufupika nao, yocepa ndi mizere yoyera yokha. Ndiko kunena kuti palibe cingwe cimene cifota. Zingwezo zingolowana. Yesani nokha pomwe mwakhalapo. Tambasulani zala, mulowetse nsonga za zala za dzanja lamanja m'mipata ya za lamanzere, ndipo sendezani. Palibe cala cafupika, koma zikhatho zayandikana.

Nanga cizisendeza nciani? Apa mpomwe ndifuna ticedwepo, cifukwa mpomwe pagona nkhani yonse.

Cingwe conenepa ciri conse ndi mtolo wa tinthu ta myosin pafupi 300, ndipo kali konse kali ndi timitu tiwiri totulukira kunja. Ophunzira amati timitu, koma ine nditi timanja, pakuti nchito yake ndi ya manja. Amene munakhala ku nyanja mwaona m'mene amuna akokera khoka kumtunda. Amene simunafikeko, kumbukani kutunga madzi pa citsime cakuya. Dzanja ligwira cingwe, likoka, litaya, litambalala kutsogolo, ligwiranso. Timanja ta myosin ticita cimodzimodzi pa cingwe ca actin. Ta mbali imodzi tikokera cipupa ca kumanja pakati, ta mbali inayo tikokera cipupa ca kumanzere, ndipo kacipinda konse kafupika. Ndiponso sititaya tonse nthawi imodzi, monga wotunga madzi sataya manja onse awiri, kuti cidebe cingabwerere pansi. Pamene tina tataya, tina tikali cigwirire.

Kukoka kumodzi kwa kadzanja kotere nkocepa kodabwitsa. Mu 1994 anthu atatu ku Stanford m'dziko la America, Finer, Simmons ndi Spudich, anakhoza kuyesa kadzanja kamodzi kokha, napeza kuti pafunika kukoka pafupi ka 100,000 kuti cingwe cisende milimita imodzi. Mungaseke, ndi kunena kuti motero thumba la nshawa silidzafika pa phewa caka cino. Koma werengani bwino. Ulusi wotalika masentimita 10 uli ndi tizipinda pafupi 40,000 tondondozana, ndipo tonse tikoka nthawi imodzi. Kali konse kakafupika ndi gawo limodzi mwa magawo 5, ulusi wonse wafupika masentimita 2 m'kamphindi. Kuonjeza apo, mtsempha wa katumba ugwira pfupa pafupi ndi cigongono, kotero kuti kufupika pang'ono kuyendetsa dzanja mtunda wautali. Mtengo wake ngwakuti minofu iyenera kukoka kolimba pafupi ka 7 kuposa kulemera kwa katundu ali m'dzanja. Munthu wogwira cidebe ca makilogramu 10 mkono uli copinda, minofu yake irikulimbana ndi makilogramu ngati 70. Musadabwe kuti atopa msanga.

Tsono timanjato sitikoka kwaulere. Malipiro ake ndi mankhwala aja anathira Szent-Györgyi, ochedwa mwacidule ATP. Karl Lohmann anawapeza m'minofu mu 1929, ndipo mu 1939 ku Moscow Vladimir Engelhardt ndi mkazi wake Militsa Lyubimova anaonetsa kuti myosin yomweyo ndiyo iswa ATP ndi kutengamo mphamvu. Pa msika wa Lundazi simungagule mulu wa tomato ndi ng'ombe. Muyamba mwagulitsa ng'ombeyo, mupeze ndalama zazing'ono. Nsima, mafuta ndi shuga ndizo ng'ombe. ATP ndiyo ndalama yaing'ono imene kadzanja kalandira, imodzi pa kukoka kuli konse.

Koma taonani dongosolo lake, cifukwa lidzatithandiza patsogolo. ATP ikafika, coyamba kadzanja kataya cingwe. Pamenepo kaiswa, ndipo mphamvu yotulukamo ikapinda cambuyo monga msampha wocheredwa. Kagwira cingwe patsogolo, msampha ufwamphuka, cingwe cisenda. Ndipo kakhala comweco cigwirire kufikira ATP yina itafika. Ndiye kuti popanda ATP kadzanja sikatha kutaya.

Ndalama zimenezi mnofu susunga zambiri. Zimene ziri m'thumba zitha m'masekondi 2 kapena 3 a nchito yolimba. Pali kankhokwe kena kapafupi kamene kathandiza masekondi ngati 10, kokwanira kuponya thumba pa lole. Pambuyo pake mnofu uswa shuga wosungidwa m'kati mwake. Ukamuswa mofulumira wosadikira mpweya, upeza ATP 2 kapena 3 pa kashuga kamodzi. Ukamutentha bwino ndi mpweya wobwera ndi magazi, upeza pafupi 30. Nco cifukwa cake munthu athamanga kolimba kanthawi kocepa, koma ayenda ndi njinga ya makala tsiku lonse. ATP yoswekayo ilumikizidwanso nthawi ndi nthawi, ndipo mukaonkhetsa yonse imene munthu apanga pa tsiku limodzi, ilingana ndi kulemera kwa thupi lake.

Funso lina ndi ili: ngati timanja tiripo ndipo ATP iripo, bwanji minofu sikoka usana ndi usiku? Cifukwa cingwe ca actin ncophimbika. Pamalo pogwira pagona kamtanda kochedwa tropomyosin, kotsekedwa ndi loko wochedwa troponin, amene anapezedwa ndi Setsuro Ebashi wa ku Tokyo m'zaka za m'ma 1960. Mfungulo ya lokoyo ndi kashiamu, mcere womwewo umene ulimbitsa mafupa. Mnyamata uja akaganiza zonyamula, uthenga wa magetsi utsika kucokera ku ubongo, udzera m'fupa la msana, nufika pa mnofu. Pamenepo mtsempha wa uthenga ulabvula kadontho ka mankhwala kamene kadumpha kampata kakang'ono ndi kuyatsa magetsi ena pa khungu la ulusi. Magetsiwo alowa m'kati, atsegula timatumba ta kashiamu, kashiamu atsegula loko, kamtanda kasuntha, ndipo timanja tigwira. Zonsezi zitha munthu asanaphethire. Uthenga ukaleka, timapampu tibwezera kashiamu m'timatumba, ndipo timapamputo natonso tidya ATP. Ngakhale kupumula kuli ndi mtengo wake.

Za kashiamuzi zinadziwika mwangozi. Sydney Ringer wa ku London anali kusunga mitima ya acule m'madzi a mcere, ndipo inali kugunda nthawi yaitali. Pambuyo pake anazindikira kuti womthandiza anali kutunga madzi a pa mpopi m'malo mwa madzi oyeretsedwa. Atayesa ndi oyeretsedwa, mitima ija inaleka msanga. Cimene cinali m'madzi a pa mpopi ndi kashiamu, ndipo analemba zimenezi mu 1883. Ndiganiza kuti womthandizayo anayenera kuyamikidwa m'malo mwa kudzudzulidwa.

Tiyeni tsopano tiolokere ku mbali ya msika kumene apacika nyama. Mbuzi yophedwa kumene nyama yake njofewa, ndipo nthawi zina mukaiwaza mcere muona ikunjenjemera. Ana athawa, akulu ena ayamba kunong'onezana, koma palibe zamatsenga. ATP ikalimo, ndipo mcere wautsa magetsi a m'mitsempha imene isanafe. Pakapita maora angapo mwendo wa mbuzi uuma gwa, wosapindika. Mwakumbuka dongosolo lija? Magazi aleka kubweretsa mpweya, ATP yatha, kashiamu watayikira ponse, timanja tonse tagwira, ndipo palibe cotimasula. Kuuma kwa maliro nkomweko, ndipo nco cifukwa cake akulu afulumira kutseka maso ndi kuongola miyendo ya womwalira. Patapita tsiku kapena masiku awiri thupi lifewanso, osati cifukwa timanja tataya, koma cifukwa zingwe zomwezo zayamba kuduka.

Pamenepa pali phindu kwa ophika ndi ogula. Nyama yophikidwa pa nthawi youmayo ikhala yolimba ngakhale mutathera nkhuni. Amai amene aikulunga m'masamba a papaya sacita mwambo wacabe, pakuti utomoni wa papaya udula zingwe za nyama. Nsomba yaiwisi youma gwa, ya maso owala, sinakhalitse. Yofewa imene cala cisiyapo dzenje yapitirira. Ndipo kwa ophera ziweto ndinena ici: mbuzi imene yathamangitsidwa mudzi wonse, kapena yabwera mtunda wautali itamangidwa pa njinga padzuwa, ifika itatha shuga wa m'minofu. Shuga ameneyo ndiye akadasanduka kowawasa kamene kateteza nyama itaphedwa. Popanda iye nyama ioneka yoda, ndipo iola msanga. Cifundo pa ciweto ciri ndi malipiro ake pa sikelo.

Mukagula nkhuku ya kumudzi, yerekezani nyama ya pa cifuwa ndi ya m'nchafu. Ya pa cifuwa njoyera, pakuti nkhuku iuluka mwadzidzidzi pothawa kabawi, nitera pomwepo. Ulusi wake ngwofulumira koma wotopa msanga. Ya m'nchafu njoda, cifukwa miyendo ipalasa tsiku lonse, ndipo ulusi wake uli ndi utoto wofiira wosunga mpweya. Nkhunda iuluka kutali, ndipo cifuwa cake ncoda. Munthu ali ndi mitundu yonse iwiri yosanganizika.

Tsono ndilankhule ndi inu a pansi pa mgodi, a ku Mufulira, a ku Nkana ndi kwina konse kumene thanthwe litentha. Mnofu si makina osamala mafuta. Pa magawo 4 a mphamvu imene udya, limodzi lokha lisanduka nchito. Atatu asanduka kutentha. M'mwezi wa June cimeneci ndi cabwino, ndipo kunjenjemera ndi mphepo ndiko thupi kudzisonkhera moto. Koma pansi pa mgodi, pamene mpweya uli wotentha ndi wa cinyontho, thukuta siliuma, ndipo kutentha kusowa kotulukira. Mu 1923 K. N. Moss anayesa thukuta la anthu a m'migodi ya malasha ku England, naona kuti kukokana kwa minofu kunali kugwira amene ataya thukuta lambiri ndi kumwa madzi okha, ndi kuti mcere pang'ono m'madzi unawathandiza. Lero madokotala aonjeza kuti kutopa kwa mitsempha ya uthenga nakonso kuutsa kukokana, pamene mtsempha upitiriza kulamula kuti koka, mwini wake asanafune. Cikakugwirani, ongolani mnofuwo pang'ono-pang'ono ndi kuugwira motero, mupumule pozizira, mumwe madzi. Mnzanu akayamba kubwebweta kapena kudzandira m'malo otentha, musayese kukokana wamba. Mtulutseni, mumthire madzi, muitane a cipatala msanga.

Kuwawa kumene kumabwera m'mawa mwake munthu atagwira nchito imene sanaizolowere, kale kunali kunenedwa kuti ndi asidi wotsalira m'minofu. Si zoona, asidiyo acoka lisanathe ora limodzi kapena awiri. Kuwawako ndi timabala tating'ono m'tizipinda tija, makamaka potsitsa katundu kapena potsika phiri, pamene timanja tigwira koma cingwe cikokedwa cambuyo. Thupi likonza timabalato ndi kuonjeza zingwe zina m'ulusi uli wonse, ndimo m'mene mkono wa wonyamula matumba ukulira, malinga apeze zomangira zake: nyemba, nshawa, kapenta, mazira. Koma mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa nchito yolemetsa, minofu ikuwawa kwambiri, ndiye kuti ulusi wambiri wasweka, ndipo utoto wofiira uja walowa m'magazi. Utoto umenewo uononga impso. Pitani ku cipatala tsiku lomwelo.

Nditsirize ndi adani awiri amene sakhudza timanja konse, koma asokoneza uthenga. Woyamba ndi kafumbata. Tizirombo take tikhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo tilowa pa bala la msomali, la khasu, kapena pa mcombo wa khanda wopakidwa zinthu zosayera. Ululu wake ukwera ndi mitsempha kufika ku msana, nutseka pakamwa pa mitsempha imene nchito yake ndi kunena kuti leka. Pamenepo nsagwada zilumana, msana upindika, minofu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ikoka nthawi imodzi. Katemera wake alipo ku cipatala ciri conse, ndipo mai woyembekezera akalandira ateteza ndi mwana yemwe.

Waciwiri ndi ululu wa njoka zina, monga mamba. Uwu usokoneza pa kampata kaja pamene uthenga udumphira pa mnofu. Zikope ziyamba kulemera, malobvu akanika kumeza, ndipo potsiriza minofu yopumira ileka kumva kuitana. Mtima ukhala ukugundabe, pakuti uli ndi magetsi ake-ake. Cifukwa cake wolumidwa asayende yekha, koma anyamulidwe msanga kunka ku cipatala, wosataya nthawi ndi kutema mphini. Ndipo akaleka kupuma pa njira, wina ampumire m'kamwa kosalekeza kufikira atafika. Anthu otere, akathandizidwa kupuma mpaka ululu utatha mphamvu, minofu yao idzukanso yamphumphu.

Nthawi yathu yatha. Gonani bwino nonse.